Kwa make Tadala, za kujambulitsa mwana mutu

Mufakose, Harare

Mwana wanga,

Lamlungu tinasiyana usakusangalala. Unaganiza kuti ndikukudzudzula pa maso pa amuna ako, koma sizinali choncho. Ndati ndilembe kalatayi kuti uwerenge mtima uli m'malo.

Tadala atagwa mu mtengo wa mapeyala uja, analira, anadzuka yekha, madzulo ake anadya nsima bwinobwino. Iwe unathamanga naye ku kachipatala kolipira, n'kuumirira kuti amujambule mutu ndi CT scan, ngakhale dokotala anati mungomuyang'anira kunyumba. Wandiuza wekha kuti aka n'kachitatu m'zaka ziwiri. Mantha akowo ndikuwadziwa, inenso ndinakubereka. Koma zaka zonse ndinagwira unamwino zija zinandionetsa zinthu zimene ndikufuna nawenso uzidziwe.

Makina a ekisile ndi a CT amajambula pogwiritsa ntchito cheza chimene chimadutsa m'thupi. Suchiona, suchimva kuwawa, koma chimatha kuvulaza timaselo. Ku chipatala cha Parirenyatwa, tikaperekeza mwana kokajambula, mayi wogwira mwanayo ankamuveka chovala cholemera cha mtovu, chokoka mapewa ngati wasenza thumba la chimanga. Wojambula uja ankapita kuseri kwa khoma asanadine batani, pa yunifolomu yake pali kachipangizo koyeza cheza chimene walandira. Anthu amene amakhala ndi makinawo tsiku ndi tsiku amawapatsa ulemu wotero.

Sikuti kujambula konse n'kofanana ayi. Tonsefe timalandira cheza chochepa kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumwamba. Ekisile imodzi ya pachifuwa ikufanana ndi cheza chimenecho cha masiku pafupifupi 10, n'chifukwa chake sindidandaula nayo kwenikweni. CT ndi ina, chifukwa imazungulira thupi n'kujambula zithunzi zambirimbiri. Ya mutu ikufanana ndi cheza cha miyezi pafupifupi 8, ya m'mimba cha zaka pafupifupi zitatu.

Ndiye mwana si munthu wamkulu. Thupi lake likukula, maselo akugawikana mofulumira, ndipo pamenepo m'pamene cheza chimavulaza mosavuta. Komanso khansa yobwera mwa njira imeneyi imatenga zaka kuti ioneke. Ine akandijambula lero, zaka zanga zatsala zingati? Tadala ali ndi zaka 7, moyo wake wonse uli kutsogolo.

Mu 2012, ku Britain kunatuluka kafukufuku wa ana ndi achinyamata pafupifupi 180,000 amene anajambulidwa ndi CT. Anapeza kuti amene analandira cheza chambiri, chiopsezo cha khansa ya m'magazi ndi chotupa cha mu ubongo chinakwera pafupifupi katatu. Usadzidzimuke ndi mawu oti katatu, chifukwa matendawa ndi osowa kwambiri mwa ana. Iwo anawerengera kuti mwa ana 10,000 osakwana zaka 10 ojambulidwa mutu kamodzi, pangapezeke mmodzi woonjezera wodwala khansa ya m'magazi ndi mmodzi wa chotupa, m'zaka 10 zotsatira. Choncho usagone ukulira kuti wamupha mwana. Kungoti kujambula kulikonse kumaonjezera pa kwa kale, ndipo palibe chifukwa chomusenzetsa mwana katundu amene dokotala wanena kuti ngosafunika.

Koma undimvetse bwino, chifukwa ndaonanso makolo ena akukana CT mwana akufa. Tadala akadzamenya mutu n'kukomoka, kapena kusanza mobwerezabwereza, kugona kosadzutsika, kuphupha ngati wa khunyu, kutuluka magazi kapena madzi m'khutu, usadzafunse munthu. Thamanga naye, ndipo akati CT, vomera pomwepo. Magazi akamatayikira mkati mwa mutu amapha m'maola ochepa, ndipo makina amenewo ndi amene amaonetsa dokotala pofunika kuchita opaleshoni.

Pamene zinthu sizili zadzidzidzi, funsa. Safunsa anadya phula. Uwafunse mwaulemu kuti, "Adokotala, chithunzichi chisintha chiyani pa chithandizo cha mwanayu? Tikadikira mpaka mawa pali choopsa? Palibe njira ina?" Sikani ija ankakupima nayo uli woyembekezera ilibe cheza, imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, ndipo imathandiza pa mavuto ambiri a m'mimba mwa ana. Sikani ina yotchedwa MRI imagwiritsa ntchito maginito, nayonso ilibe cheza, ngakhale imadula ndipo mwana amayenera kugona phee kwa nthawi yaitali. Ngati ndi CT basi, funsa ngati makinawo awachepetsa mphamvu molingana ndi msinkhu wa mwana. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere.

Chinanso, uzisunga zithunzi ndi malipoti onse. Ukasintha chipatala, dokotala watsopano sadziwa zimene anzake anajambula kale, ndiye amayambiranso. Ndagula kakope kachikuto cholimba ku Mbare, ndalemba dzina la Tadala pamwamba. Uyambe kulembamo masiku atatu aja, mbali ya thupi imene anajambula, ndi chifukwa chake.

Ndibwera Loweruka ndi kombi ya m'mawa, kakopeko ndikutengera pamodzi ndi mfutso uja unapempha. Undiperekere moni kwa bambo a Tadala, ndipo mdzukulu wangayo umuuze kuti mapeyala azithyola ndi ndodo.

Ndine mayi ako,
Nachisale