Amayi anga akunyalanyazidwa kunyumba yosamalira okalamba, kodi malamulo angatithandize bwanji?

Okondedwa Alangizi,

Ndakulemberani kuti mundiunikire njira ya malamulo imene banja lingatsate pamene kholo lake lokalamba likunyalanyazidwa ndi kuchitidwa nkhanza kumalo kumene linaperekedwa kuti lizisamalidwa. Ndikupempha kuti dzina langa lisatuluke m'nyuzipepala, ndipo inenso sinditchula dzina la malowo, chifukwa amayi anga adakali komweko ndipo chilichonse chimene ndinganene poyera chikhoza kukawagwera iwo, amene sangathe kudziteteza.

Amayi ali ndi zaka 83. Anadwala sitiroko imene inawapha ziwalo za mbali ya kumanja, ndipo pambuyo pake anayamba matenda oiwalaiwala amene madokotala amawatchula kuti dementia. Sangathe kudzitembenuza okha pabedi, ndipo zimene amalankhula amazimva ndi munthu yekhayo amene anawazolowera. Popeza ana awo tonse tili pantchito, tinagwirizana zowapereka kunyumba yosamalira okalamba yolembetsedwa kuboma, imene timalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, pokhulupirira kuti kumeneko kumakhala anamwino usana ndi usiku.

Zoona zake zinaululika tsiku lina pamene ndinafikako m'mamawa osawadziwitsa. Ndinapeza amayi ali m'thewera lonyowa limene linali litayamba kale kununkha, milomo itauma mpaka kung'ambika, ndipo kapu ya madzi anaiika patebulo la kumanja, mbali imene dzanja lawo linafa, moti ngakhale ludzu likanawavuta chotani sakanaifikira. Nditawatembenuza kuti ndiwasinthe zovala, ndinaona chilonda chakuya m'munsi mwa msana, ndipo bandeji imene anaphimbapo inali itaumira pachilondapo. Chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonsezi ndi pepala limene limapachikidwa kumiyendo kwa bedi, limene wosamalira amayenera kusainapo nthawi iliyonse akatembenuza wodwala. Nthawi inali isanakwane 8 koloko m'mawa, koma pepalalo linali litasainidwa kale mpaka 6 koloko madzulo a tsiku lomwelo, ndi cholembera chimodzi komanso dzanja limodzi.

Kuchipatala kumene tinawatengera, dokotala anatifotokozera kuti zilonda zotere zimayamba munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, chifukwa khungu limapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi mpaka magazi amasiya kufikapo, n'chifukwa chake wodwala wosatha kudzisuntha amayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse. Anati zilondazi amaziika m'magulu anayi malinga ndi kuya kwake, ndipo cha amayi chili m'gulu lachitatu, kutanthauza kuti chaboola khungu lonse mpaka kufika pa mafuta a pansi pake. Chikafika m'gulu lachinayi chimadya mnofu mpaka fupa kuonekera, ndipo tizilombo tikhoza kulowa m'magazi n'kupha munthu. Pakamwa anatiuza mosabisa kuti chilonda chotere sichikanafika pamenepo popanda wochiona akanakhala kuti amayi amasambitsidwa ndi kutembenuzidwa moyenera, koma m'kalata imene anatipatsa potuluka analemba za chilonda chokha, osatchula chimene chinachiyambitsa.

Palinso zina ziwiri. M'mikono yonse iwiri, pamalo ofanana pafupi ndi dzanja, munali mikwingwirima yozungulira. Ogwira ntchito anati khungu la okalamba silichedwa kuvulala, makamaka amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga amayi, ndipo ndikuvomereza kuti zimenezo zimachitikadi, komabe sindikuona mmene munthu angadzigundire mofanana ndendende mikono yonse iwiri pamene umodzi sugwira ntchito. Ine ndikukhulupirira kuti anawamangirira pabedi. Kachiwiri, pamndandanda wa mankhwala umene unapita nawo kuchipatala ndinapezapo haloperidol, mankhwala a misala amene palibe aliyense m'banja anauzidwapo, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amayi ankangokhalira kusinza tikapita kukawaona. Bungwe la FDA, limene limaona za mankhwala ku America, linachenjeza mu 2005 kuti mankhwala atsopano a misala amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba amene ali ndi dementia, ndipo mu 2008 linati chenjezoli likukhudzanso mankhwala akale monga haloperidol. Kodi kupatsa munthu mankhwala otere kuti angokhala chete, banja lake lisakudziwa, ndi nkhani ya chipatala chabe kapena ndi mlandu?

Nditakaonana ndi oyang'anira malowo, anandilandira mwaulemu wosaneneka, anapepesa pakamwa, nanena kuti wosamalira wina wachotsedwa ntchito ndipo zinthu zisintha. Nditapempha kuti andipatse makope a fayilo ya amayi anakana, ponena kuti zimenezo ndi chinsinsi cha wodwala, chikhalirecho wodwalayo sangathe n'komwe kupempha fayilo yake. Pepala losainidwiratu lija ndinalijambula pafoni, ndipo nditabwerera kuchipinda anali atalichotsa. Pambuyo pake anatitumizira kalata yonena kuti atichotsera malipiro a miyezi ingapo tikasaina kuti nkhaniyi yatha ndipo sitidzaitengeranso kwina kulikonse.

Sindikufuna kuti mtsikana wolandira malipiro ochepa asenze yekha mlandu wa anthu amene amatolera ndalama. Usiku ndakhala ndikupeza wosamalira mmodzi akuyang'anira khonde lonse la zipinda za anthu osatha kudzuka, ndipo munthu mmodzi, ngakhale akhale wachifundo chotani, sangatembenuze onsewo m'nthawi yake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo anachitidwapo nkhanza m'chaka chimodzi chokha, ndipo m'malo osamalira okalamba, ogwira ntchito awiri mwa atatu alionse amene anafunsidwa anavomera okha kuti anachitapo nkhanza m'chaka chimenecho. Chiwerengero chikafika pamenepo, vuto silikhalanso la mtima wa munthu mmodzi koma la kayendetsedwe ka malowo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kudziwa ngati malamulo amalola kuti eni ake ayankhe mlandu pa zimene antchito awo anachita kapena kulephera kuchita.

Funso loyamba limene landiimitsa mutu ndi lakuti, kodi woyenera kusuma ndani? Wovulazidwa ndi amayi, koma sangathe kufotokoza zimene zinawachitikira, sangathe kusaina, ndipo asanadwale sanalembe kalata yopatsa mwana aliyense mphamvu zowaimira. Mgwirizano ndi malowo anasaina ndi achimwene anga aakulu, pamene ine ndi amene ndinaona zonse ndi maso. Ndamva kuti munthu akataya nzeru zopangira chisankho, khoti ndi limene limasankha womuimira, koma ngati ndi choncho, kodi tiyambe tamaliza zimenezo tisanapemphe fayilo ndi kusuma, kapena zonsezi zikhoza kuyendera limodzi? Ndikuopa kuti pamene tikudikira khoti, zolembedwa zija zikhoza kusinthidwa kapena kusowa, ndipo ndikufuna kudziwa ngati loya angalembe kalata yowakakamiza kusunga zikalata zonse mmene zilili.

Ndikuonanso makomo atatu ndipo sindikudziwa loyamba kugogoda. Pali apolisi, popeza kumanga munthu ndi kunamiza zolembedwa kumaoneka ngati kuphwanya malamulo. Pali nthambi ya boma imene imapereka ziphaso ndi kuyendera malo otere, imene ikhoza kufufuza ndi kupulumutsa okalamba ena amene abale awo safikako kawirikawiri. Palinso bwalo la milandu kumene anthu amakapempha chipukutamisozi. Kodi kukadandaula kumodzi kumatseka kwinako, kapena lipoti la oyendera malo likhoza kudzakhala umboni wathu kukhoti? Ndipo popeza milandu yotere imakhala ndi nthawi yoikika imene ikadutsa munthu saloledwanso kusuma, kodi nthawiyo imayamba kuwerengedwa tsiku limene chilonda chinayamba, kapena tsiku limene ife tinachiona?

Za umboni ndili nazo nkhawa zambiri. Ndauzidwa kuti pamlandu wa kunyalanyaza sikokwanira kusonyeza kuti munthu wavulala, koma pamafunika kusonyezanso kuti malowo anali ndi udindo womusamalira, kuti sanakwaniritse udindowo, ndiponso kuti kulepherako ndi kumene kunabweretsa kuvulalako. Apa ndi pamene ndikudziwa kuti adzathawira, chifukwa adzanena kuti amayi ndi okalamba, anadwala sitiroko, ndipo chilonda chikanabwera ngakhale akanasamalidwa bwino. Ndili ndi zithunzi, ngakhale zimandiwawa kuti thupi la amayi anga, amene moyo wawo wonse anali munthu wodzilemekeza, lizikaonetsedwa kwa anthu osawadziwa. Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo tsiku, nthawi ndi zimene ndapeza ndikapitako. Wosamalira wina anandinong'oneza kuti amayi amagona usiku wonse osasinthidwa, koma anandidandaulira kuti ndisamutchule poopa kutha kwa ntchito. Kodi malamulo amateteza wantchito woulula zotere? Mng'ono wanga akufuna kuti tibise kamera m'chipindamo, koma amayi amagona ndi agogo ena amene abale awo sanatipatse chilolezo, ndipo ndikukayika ngati khoti lingalandire umboni wopezeka mwanjira imeneyo.

Mumgwirizano umene achimwene anasaina muli ndime ya zilembo zing'onozing'ono yonena kuti kusamvana kulikonse kudzathetsedwa ndi mkhalapakati osati bwalo la milandu. Tsiku limenelo aliyense ankangoganiza zopezera amayi bedi, ndipo palibe anatifotokozera kuti tikutaya ufulu wina uliwonse. Mfundo zokhudza anthu okalamba zimene bungwe la United Nations linavomereza mu 1991 zimati munthu wokalamba sataya ufulu ndi ulemu wake chifukwa chokhala pamalo osamalirako anthu, komanso kuti ayenera kukhala mosadyeredwa masuku pamutu ndi mosachitidwa nkhanza. Kodi ndime ya mumgwirizano ingaphimbe ufulu wotere, ndipo kodi siginecha ya mwana ingamange kholo limene silinamupatse mphamvu?

Ndalama nazo ndi vuto, chifukwa zambiri zimene timapeza zimathera kumalipiro a malowo ndi kuchipatala. Ndamva kuti maloya ena amavomera kulipidwa gawo la chipukutamisozi mlandu ukapambana, komanso kuti pali mabungwe opereka thandizo la malamulo kwa osowa. Mundiuze zimene ndiyenera kufunsa loya ndisanasaine naye chilichonse, makamaka za amene amalipira dokotala wodzachitira umboni, ndi zimene zingatigwere tikagonja.

Pakadali pano m'banja mwathu mwalowa kusamvana. Achimwene akuti mlandu suchiza chilonda, tisaine kalata ija, tisamutse amayi mwakachetechete. Ine sindikukana kuwasamutsa, ndipo tayamba kale kufunafuna malo ena, ngakhale kuti malo olandira wodwala wa chilonda chotere ndi osowa ndipo kusamutsa munthu wa dementia kumamusokoneza kwambiri. Chimene ndikukana ndi kugulitsa pakamwa pathu pamene okalamba ena atsala m'manja omwewo. Koma madzi afika m'khosi, chifukwa oyang'anira akufuna yankho mwezi uno usanathe. Kodi tikakana kusaina, ali ndi mphamvu yotulutsa amayi tisanapeze kowapititsa, ndipo ngati achimwene atasaina okha popanda ine, kodi khomo la kukhoti likhala litatsekeka kwa tonsefe?

Ine wanu,
Mwana wamkazi wothedwa nzeru