Mbiri ya ndege ya Vampire isasiye Tete kunja

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za ndege ya nkhondo ya ku Britain yotchedwa de Havilland Vampire, yomwe olemba mbiri ya ndege amaitamanda kwambiri, koma kawirikawiri satchula zomwe inachita kuno ku Mozambique.

Kutamandako kuli ndi chifukwa chake. Vampire inauluka koyamba mu 1943 ku Hatfield, ndipo asilikali a mumlengalenga a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1946, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Inali ndi injini imodzi ya jeti yotchedwa Goblin, thupi lalifupi lonenepa, ndi michira iwiri yotambalala kumbuyo ngati mphanda, kuti mpweya wotentha wa injini uzitulukira pakati. Chodabwitsa n'chakuti mbali yakutsogolo, momwe woyendetsa ankakhala, inapangidwa ndi matabwa opyapyala omatikizana, pomwe pansi pake panali mifuti inayi ya mamilimita 20. Mu Disembala 1945 inakhala jeti yoyamba kutera pa sitima yapamadzi yonyamula ndege, ndipo mu 1948 ndege zisanu ndi imodzi za mtunduwu zinakhala majeti oyamba kuwoloka nyanja ya Atlantic.

Apa m'pamene ambiri amalekera nkhaniyi. Koma Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, inagula ndegezi m'zaka za m'ma 1950, ndipo pomwe Britain inali itazipumitsa kalekale, boma la Ian Smith linali kuziulutsabe. Mu Novembala 1977 ma Vampire anali m'gulu la ndege za chiwembu chotchedwa Operation Dingo, chomwe chinaphwasula msasa wa ZANLA, gulu la asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chimoio pa 23 Novembala, kenako n'kudzafika ku Tembue, kuno kwathu ku Tete, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi. Anthu anafa ochuluka zedi, ndipo ku Chimoio pakati pa ophedwawo panalinso amayi ndi ana. Dziko lathu linali litangotha zaka ziwiri lili pa ufulu, ndipo linkalangidwa chifukwa chosunga abale athu a ku Zimbabwe.

Zimandipweteka kuona ana athu akusirira zithunzi za ndegeyi pa intaneti osadziwa kuti makina omwewo anabweretsa maliro m'dziko lawo. Agogo amene anaona utsi wa ku Tembue ndi maso awo akalipo ena, koma akutha mmodzimmodzi. Chonde tumizani mtolankhani kumeneko chaka chino chisanathe, akakhale nawo pansi, akalembe m'Chichewa zomwe akukumbukira.

Ine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia