Sikudzikuza ayi, macheza ndi amene amandivuta

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za macheza a kuntchito. Ine ndili ndi autism, kutanthauza kuti ubongo wanga umagwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri, makamaka pa macheza, ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Manambala sandivuta. Chimene chimanditulutsa thukuta ndi mphindi khumi zopuma, aliyense akayamba kuponya nkhani.

Tsiku lina mnzanga anandifunsa kuti Loweruka ndi Lamlungu zinali bwanji. Ndinamufotokozera zonse mwatsatanetsatane mpaka anayamba kusuzumira pa wotchi. Zinanditengera zaka kuzindikira kuti funso limeneli safunsira lipoti, ndi moni chabe. Zikanakhala bwino wina akanandiuza kale!

Masiku ano ndili ndi kakope komwe ndimalembamo kuti uyu mwana wake anadwala, uyu amakonda mpira. Ndimayankha ndi ziganizo ziwiri basi, kenako n'kubweza funso. Nkhani za malipiro, chipembedzo ndi matupi a anthu ndimazilambalala. Kuyang'ana munthu m'maso kumandibalalitsa maganizo, choncho ndimayang'ana pamphumi. Zimathandiza, koma pofika kunyumba ndimakhala nditatheratu.

Ngakhale ndimayesetsa chotere, ena amandinenabe kuti ndine wodzikuza. Damian Milton, katswiri wa ku Britain yemwenso ali ndi autism, anafotokoza mu 2012 kuti kusamvana kotereku kumachokera mbali zonse ziwiri. Nanga bwanji wophunzira ndikhale ine ndekha?

Anzanga akuntchito, mukafuna kanthu nenani mosapsatira, mikuluwiko imandipitirira. Mukandipeza ndili chete pa desiki musaganize kuti ndakwiya. Ndipatseni moni, ndiyankha.

Wowerenga wanu