Ana athu akulemba makompozishoni opanda owawerenga

A Mkonzi,

Ndiloleniko kampata mu nyuzi yanu ndikambeko nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kwa zaka ndithu, ya mmene tikuphunzitsira ana kulemba. Ine ndine mphunzitsi, ndagwira choko zaka 19, Chizungu ndi Chinyanja, ndipo madzulo ndimachititsa tyushoni pakhomo panga kuno ku Mtendere, mu Lusaka.

Sabata yatha ndimachonga makompozishoni a ana 14 a tyushoni, mutu wake ndi uja tonse tinalembapo, tsiku limene sindidzaliiwala. Pa ana 14 aja, 9 anadzuka mmamawa mbalame zikuimba, anasamba, anakwera minibasi, minibasi inagubuduka, kenaka anatsitsimuka ali mchipatala manesi atawazungulira. Ana 9 ngozi imodzimodzi. Ndinaitana mmodzi, mtsikana wa giledi 11, ndati mwanawe ngozi imeneyi inachitikira pati? Iye ati "aticha kunalibe ngozi, ndi ija tinaloweza, imabweretsa mamaliki." Ananena mosabisa chifukwa kwa iye sichinthu chobisa, ndi mmene kulemba kumakhalira basi.

Koma mtsikana yemweyu tsiku lomwelo ndinamumva pageti akukamba ndi amai ake, amafuna amulole apite ku Katete pa holide ya Disembala. Anayamba ndi kuwalandira chikwama cha kumsika, nkuwafunsa za msana umene umawavuta, kenaka anawakumbutsa kuti temu yonse sanajombe kusukulu olo tsiku limodzi, kenaka ati ambuya kumudzi akalamba, chaka chino adzawathandiza ndani kupalira, ndipo amai atangotsegula pakamwa kuti anene za ndalama ya basi iye anali atawadula kale ati theka ndasunga, za mafritasi aja ndimagulitsa pa Sabata. Amai aja anangoti tikakambe kunyumba, ndipo aliyense amene analeredwa ndi mai amadziwa kuti pamenepo nkhani yatha. Ndinaima pakhomo mapepala ali mmanja mtima ukundiwawa, chifukwa mwana amene amatha kusanja mfundo chonchi, kudziwa poyambira ndi chimene winayo atsutse, ndi yemweyu ndamupatsa pepala nkundibwezera ngozi yabodza.

Ndiye vuto sikuti ana athu alibe nzeru ya mau. Vuto lili pa maganizo amene ali kuseri kwa kaphunzitsidwe kathu, ndipo maganizo amenewa ali ndi kumene anachokera, ngakhale aphunzitsi ambiri sitinauzidwe.

Azungu ali ndi phunziro lakale kwambiri limene amalitcha rhetoric, tingoti luso la kukamba kuti munthu akumve ndi kugwirizana nawe. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anati munthu amakopeka ndi zinthu zitatu. Khalidwe la wokambayo, kuti kodi ndi wokhulupirika, iye anati ethos. Mtima wa omvera, chimene chikuwawawa kapena kuwakondweretsa, pathos. Ndiye mfundo zenizeni ndi umboni wake, logos. Tayang'anani mtsikana uja pageti, zonse zitatu zinalipo, sukulu yosajomba, ambuya okalamba, theka la ndalama. Aroma anadzaligawa lusoli mmagawo asanu, kupeza zokamba, kuzisanja, kusankha mau, kusunga mmutu ndi kakambidwe pagulu, ndipo choyamba pa zonse chinali kupeza zokamba, kufunsa kuti nkhani yake ndi yotani, ndikuuza ndani, iyeyo akudziwa kale chiyani, akuopa chiyani. Wophunzira samayamba kukongoletsa mau asanadziwe amene akumuuza.

Manje ife zimene tinalandira mmasukulu ndi zina. Mzaka za mma 1800 ku Britain ndi ku America anthu olowa sukulu anachuluka, mayeso anakhala olemba, ndipo luso lija analidula nkuliika mmabokosi osavuta kuchonga. Alexander Bain, mphunzitsi wa ku Aberdeen, mbuku lake la 1866 anathandiza kwambiri kufalitsa kagawidwe kaja timakadziwa tonse, nkhani yosimba, yofotokoza maonekedwe, yolongosola chinthu, yokopa, pamodzi ndi malamulo a ndime. Mabokosi amenewa anafika kuno ndi sukulu za atsamunda ndi za mishoni, ndipo dziko lathu la Zambia litasankha Chizungu kukhala chophunzitsira kuyambira giledi 1 mu 1966 anakhazikika zedi. Sindikuti ndi oipa onse ayi, ndime yabwino ndi yabwino ndithu. Koma taonani chimene chinatayika panjira, munthu wouzidwayo. Mwana akulemba kwa ndani? Kwa bolopeni yofiira. Bolopeni yofiira ilibe mtima woti uukhudze kapena maganizo oti uwasinthe, imangofuna sipelo ndi mawu oyamba, thunthu, mathero. Ndiye mwana wochenjera amazindikira msanga kuti palibe chifukwa chonenera zoona, nkuloweza ngozi ya minibasi.

Chimene chimandipweteka kwambiri nchakuti ife a Chinyanja tinangotenga mabokosi omwewa nkuwamasulira. Chimangirizo cha Chinyanja chimaphunzitsidwa ngati kompozishoni ya Chizungu yovala chitenje, ndipo ana timawauza kuti ponyamoni miyambi iwiri itatu mupeze mamaliki, ndiye mwana amalemba kuti mutu umodzi susenza denga pa nkhani ya ulendo wa ku Munda Wanga, malo oonerako nyama. Mwambi suponyedwa choncho. Ine ndakhalapo nkhoswe kangapo, ndipo ndinaphunzira kwa atsibweni anga, amene sanafike olo giledi 7. Tsiku lina ku Chawama tinapita kukakonza banja limene linali pafupi kutha, mbali zonse zitakwiya. Atsibweni anaomba mmanja, anapereka ulemu kwa eni nyumba mmodzimmodzi, anayamba kukumbutsa za tsiku la ukwati, ndani anaphika ndani anavina, mpaka nkhope zinayamba kumasuka, nkhani ya mlandu osaikhudza. Ine mumtima ndimati akutaya nthawi. Atafika pa mlandu anausimba mbali zonse ziwiri mwachilungamo kotero kuti aliyense anagwedeza mutu kuti inde ndi mmene zinalili, ndipo mwambi anaunena umodzi wokha, kumapeto, atayang'ana mkamwini mmaso, kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mnyamata uja anagwetsa nkhope nkupepesa. Mwambi unagwira chifukwa unabwera pa nthawi yake kwa mwini wake. Uku ndi kusanja mfundo kwapamwamba, ndipo kuli ndi malamulo ake, mupite ku bwalo la mfumu kummawa, mumvere olankhula pa maliro, mumvere alangizi, mupite ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mumve mmene nduna zimatulira mau kwa Kalonga Gawa Undi. Koma mkalasi mwana akalemba moyamba ndi ulemu ndi kuzungulira kotere timamulembera kuti wasochera pa mutu, osamufotokozera kuti njira iyi ili ndi malo ake ndipo ija yolunjika ilinso ndi malo ake, kalata yofunsira ntchito siyofanana ndi mau a nkhoswe. Mwana ayenera kudziwa zonse ziwiri ndi kudziwa posankha. Ife timangomuuza kuti ya kwanu ndi yolakwa.

Ndikuuzeni chimene ndinayesa. Mukukumbuka kolera ya kumayambiriro a 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, masukulu osatsegulidwa mpaka mu Febuluwale. Ana atabwerera ndinasiya mitu ya mbuku. Pafupi ndi pathu pali ngalande imene inatsekeka ndi zinyalala, mvula ikagwa madzi amalowa mmayadi. Ndinawauza kuti lembani za ngalande imeneyi katatu, kalata kwa akansala, uthenga wa pa WhatsApp ku gulu la azimai a mdera, ndi mau oti mukawauze ana a giledi 3. Poyamba anadandaula kuti ndi ntchito yambiri. Koma mkangano umene unabuka mkalasi sindinauonepo pa kompozishoni iliyonse, wina ati kwa akansala tiike manambala, nyumba zingati zimalowa madzi, ndipo anyamata awiri anapitadi kukawerenga, wina ati azimai usawauze ngati ukuwadzudzula chifukwa ena mwa iwo ndi amene amataya zinyalala mmenemo, ungoyamba ndi za ana amene amasewera mmadzimo, mtsikana wina wachete kwambiri amene mng'ono wake anadwala ati ine ndilemba za usiku umene tinamunyamula. Analemba ndime imodzi chabe, ya mmene amai ake anamangira mwana kumbuyo ndi chitenje chonyowa akusaka galimoto mumdima, ndipo powerenga kalasi yonse inangoti zii. Masipelo olakwika analimo, tinawakonza pambuyo, ndipo anawakonza ndi mtima wonse chifukwa amadziwa kuti kalata ikupita kwa munthu weniweni. Palibe amene analoweza kanthu. Ndipo mfundo zija za mawu oyamba ndi mathero zinabwera zokha, ana ndi amene amandifunsa kuti aticha tiyambe bwanji kuti asaitaye osawerenga.

Aphunzitsi ena akunja anakamba kale zimenezi. Mu 1968 Lloyd Bitzer wa ku America analemba kuti mau amabadwa chifukwa pali vuto lofuna kukonzedwa ndi anthu amene angathe kulikonza akamva, ndipo mzaka za mma 1970 kunabuka kaphunzitsidwe koti kulemba ndi ntchito ya masitepe, kuganiza, kulemba koyamba, kuwerengetsa mnzako, kulembanso. Ife ambiri timapereka mutu Lolemba, kutolera Lachiwiri, kubweza ndi 11 pa 20, basi mutu wina. Mwana salembanso chinthu kachiwiri moyo wake wonse wa sukulu.

Chinanso, ana a ku Greece ndi ku Roma poyamba kuphunzira kulemba amayamba ndi nthano, kuisimbanso mwachidule, kuitalikitsa, kenaka kutenga mwambi nkuufotokoza, kenaka kutsutsa nkhani ndi kuiikira kumbuyo. Nthano ndi miyambi! Zinthu zimene ife tili nazo zodzaza nkhokwe. Mwana wa giledi 4 angathe kulemba mlandu wa Kalulu ngati iye ndi woimira Njovu, mawa nkulembanso ngati woimira Kalulu, ndipo waphunzira kale kuona nkhani mbali ziwiri popanda buku lodula.

Ndikudziwa anzanga anena chiyani, chifukwa amanena mu stafu rumu. Ati kalasi yadzaza, ndipo nzoona, chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana abwera ambiri, chimene ndi chinthu chabwino kwambiri, koma mphunzitsi mmodzi sangachonge madrafuti atatu a mwana aliyense, ine ndekha ndinakhalapo ndi ana 87 mkalasi imodzi. Koma sikuti zonse achonge ndi mphunzitsi. Ana awerengerane awiriawiri, funso likhale limodzi, kodi wakhutira, ngati sunakhutire ndi pati pamene wakayika. Atinso mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso, ndi amene amatilamula. Inde, koma mmayeso momwemo mumabwera kalata, lipoti, zokamba pagulu, ndipo mwana amene anazolowera kufunsa kuti ndikuuza ndani sangavutike nazo, amene amavutika ndi uja analoweza ngozi ya minibasi nkupeza kuti funso lasintha.

Pali mantha ena amene ndimawalemekeza. Mphunzitsi mnzanga wachikulire anandiuza kuti ukaphunzitsa ana kukopa anthu ukupanga akathyali, tili nawo kale okwanira pa nthawi ya kampeni ndi aja amatumiza mamesegi kuti mwawina ndalama. Mantha amenewa ndi akale, Plato wa ku Greece yemwe amalikayikira lusoli pa chifukwa chomwechi. Koma Quintilian, mphunzitsi wa ku Roma, anati wolankhula weniweni ndi munthu wabwino wodziwa kulankhula, khalidwe patsogolo. Ndipo ine ndimaona kuti mwana amene wadziwa mmene mau amagwirira mtima ndi amene amazindikira msanga wina akamamuseweretsa pa Facebook. Komanso tinene zoona, kaphunzitsidwe kamene kakuphunzitsa ana bodza ndi aka tili nako manje, kopatsa mamaliki ngozi imene sinachitike.

Pempho langa likupita kwa amene amaphunzitsa aphunzitsi, ku yunivesite ya UNZA, ku Chalimbana ndi mmakoleji ena, ndi kwa okonza silabasi. Mphunzitsi asatuluke mkoleji akudziwa mitundu ya kompozishoni chabe osadziwa kumene inachokera ndi chimene inasiya. Ndipo pophunzitsa Aristotle muitaneko nkhoswe kapena nduna mkalasi, ophunzira ajambule mau ake pa foni, awalembe, awasanthule mmene amasanthulira zolemba za azungu. Inunso a nyuzi mungathandize, tipatseniko kadanga kamodzi pa mwezi ka makalata a ana a sukulu mChinyanja, olemba za mdera lawo. Ana anga a tyushoni ali ndi makalata 6 okonzeka kale, imodzi ndi ya mtsikana uja wa pageti, walemba za mtengo wa basi yopita kummawa nthawi ya holide. Mukavomera ndibweretsa ndekha ku ofesi yanu Lachisanu ndikaweruka.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Mtendere, Lusaka