Aise, wamumva Bitzer?

Aise,

Zikuyenda bwanji uko ku Manchester, alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo, kungoti dzuwa lake ili usaseke.

Ndangomaliza Hard Times, buku la Charles Dickens la 1854, ndiye ndati ndikulembere iweyo poti ndiwe mphunzitsi komanso ukukhala dera lomwelo. Coketown, komwe nkhaniyi ikuchitikira, ndi tauni yongopeka, koma Dickens anapitadi ku Preston mu Januwale 1854 pomwe anthu a m'mafakitale a thonje anali pa sitiraka yaitali, ndipo Preston ndi pafupi pomwepo ndi kwanuko.

Nkhani ikuyambira m'kalasi. A Thomas Gradgrind, eni sukulu, akuti ana asaphunzitsidwe china chilichonse kupatula mfundo zotsimikizika ndi manambala, nthano ayi, zongoganizira ayi, mpaka ana awo aang'ono anawatcha Adam Smith ndi Malthus, maina a akatswiri a zachuma, tangoganiza. Akufunsa Sissy Jupe, amene akumuitana kuti mtsikana nambala 20, kuti hatchi n'chiyani. Mwanayu wakulira pakati pa mahatchi poti bambo ake ndi a sekasi (gulu loyendayenda losangalatsa anthu ndi masewero a mahatchi), koma kukamwa kwauma. Bitzer, kamnyamata koyezuka, kakuyankha mosapuma kuti nyama ya miyendo inayi, yodya udzu, mano 40, ndiye amene akukhoza ndi iyeyo.

Ambiri akamakamba za bukuli amalira ndi Louisa, mwana wa a Gradgrind, amene ali ndi zaka 20 anakwatiwa ndi Bounderby, mwini banki ndi fakitale wa zaka 50, bambo ake akumuwerengera ziwerengero za maukwati m'malo momufunsa zakumtima. Ena amakamba za Tom, mlongo wake, amene anaba ku banki n'kusiya mlandu ukugwera Stephen Blackpool, munthu wosauka wa pafakitale. Zoona n'zomvetsa chisoni. Koma Louisa ndi Tom ndi amene maphunziro aja anawaphwanya, ndipo a Gradgrind akanatha kunena kuti pena pake panangolakwika. Bitzer ndiye palibe pothawira, chifukwa pa iyeyo zonse zinayenda ndendende mmene anafunira.

Taona kumapeto. Tom wabisala ku sekasi ya Sleary kuti athawire kunja, amene akumugwira pakhosi ndi Bitzer yemweyo, osati poti akudana ndi kuba koma akufuna mpando wa Tom ku banki. A Gradgrind, atathedwa nzeru, akufunsa Bitzer ngati ali ndi mtima, iye akuyankha bwinobwino kuti eya, popanda mtima magazi sangayende m'thupi. Akumukumbutsa zoti anaphunzira kusukulu yawo, iye akuti fizi inalipiridwa, mgwirizano unathera pomwepo. Sakuchita mwano aise, akungobweza zomwe anamuphunzitsa, zoti munthu aliyense amayendera phindu lake basi, ndipo mkuluyo alibe choyankha poti phunzirolo ndi lake lomwe.

Ndiye sindigwirizana ndi amene amati Dickens ankadana ndi masamu. Pali malo pomwe mphunzitsi, a M'Choakumchild (dzina lokhalo likunena zotsamwitsa mwana) akufunsa Sissy kuti m'tauni ya anthu 1 miliyoni, 25 okha ndi amene amafa ndi njala m'misewu pachaka, akuona bwanji. Iye akuti kwa amene akufawo n'zowawa chimodzimodzi, kaya enawo ndi miliyoni kaya kuposa apo. Akumulemba kuti walakwa. Nambala ili bwinobwino, chomwe chaletsedwa ndi kufunsa kuti anthu 25 aja ndi ndani.

Pomwe Dickens wandikhumudwitsa ndi pa antchito. Slackbridge, mtsogoleri wa yuniyoni, wamujambula ngati wolongolola wabodza, ndipo mlembi wa zisudzo George Bernard Shaw naye anadandaula zomwezo. Komanso yankho la bukuli loti anthu azisangalatsidwako ndi sekasi ndi lopepuka kwa munthu amene akupuma utsi tsiku lonse. F. R. Leavis, katswiri wounika mabuku, mu 1948 analitamanda kwambiri bukuli, ine ndingoti theka la kusukulu ndi lakuthwa, theka la kufakitale ndi lobuntha.

Ukalipeza ku laibulale uwerenge machaputala awiri oyambirira ndi atatu omaliza, kenako undiuze moona mtima, pa mayeso omwe umachonga, Sissy ndi Bitzer angapeze mamalikisi angati.

Moni kwa alamu.

Ine mnzako wa kalekale