Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a mbiri: nkhondo za opium ndi kuukira kwa a Taiping ku China

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga, ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma uja. Nkhani zinalipo zambiri, koma ndikhazikika pa gawo la China m'zaka za m'ma 1800, chifukwa ndi pamene ndinaona kuti kaphunzitsidwe kathu kakuperewera.

Ambirife timaphunzitsa nkhondo za opium sabata ino, kuukira kwa a Taiping sabata yamawa, ngati nkhani zosadziwana. Amene anatsogolera gawoli anatisonyeza kuti chomangiriza nkhani ziwirizi ndi siliva. Kuyambira 1757 azungu ankaloledwa kuchita malonda pa doko limodzi lokha la Guangzhou, limene iwo ankalitcha Canton. Angerezi ankafuna tiyi, koma katundu wawo sankayenda malonda ku China, ndiye ankalipira ndi siliva. Njira imene anapeza inali opium, mankhwala ozunguza bongo olimidwa ku India pansi pa kampani ya Angerezi ya East India Company, amene ankalowa ku China mozemba ngakhale boma la Qing, banja lachifumu limene linkalamulira China, linawaletsa. Siliva anayamba kutuluka m'dzikomo.

Apa ndi pamene pandikhudza kwambiri. Mlimi ankagulitsa mpunga wake n'kulandira makobidi amkuwa, koma msonkho ankauwerengera m'siliva. Siliva atasowa anakwera mtengo, moti mlimi amene sanasutepo opium ankafunika makobidi ochuluka kuti alipire msonkho womwe uja. Ophunzira athu, ambiri ndi ana a alimi, angamve zimenezi msanga kuposa mndandanda wa mayina a mafumu.

Mu 1839 mfumu Daoguang inatuma Lin Zexu ku Guangzhou. Iye analanda mabokosi a opium oposa 20,000, n'kuwawononga ku Humen powasakaniza ndi laimu ndi mchere, kenako n'kutayira m'nyanja. Ku London Nyumba ya Malamulo inagawanika pa nkhani yomenyana ndi China, ndipo mu April 1840 boma linapulumuka ndi mavoti 271 kwa 262 okha. Ndikupempha kuti chiwerengero chimenechi tiziwauza ana, adziwe kuti ngakhale ku Britain kunali anthu amene ankati nkhondoyi ndi yochititsa manyazi. Sitima zankhondo zinapita ndithu, ndipo pangano la Nanjing la 1842 linapereka Hong Kong kwa Angerezi, linatsegula madoko asanu, ndiponso linalipiritsa China madola asiliva 21 miliyoni. Mwa ndalamazi, 6 miliyoni zinali zolipirira opium yemwe uja anawonongedwa.

Malonda atayamba kusamukira ku Shanghai, limodzi mwa madoko asanu aja, amtengatenga ndi opalasa mabwato ambiri akum'mwera anatsala opanda ntchito. Kudera lomweli ndi kumene Hong Xiuquan, mtsogoleri wa a Taiping, anapeza omutsatira. Munthuyu analephera kanayi mayeso olowera ntchito ya boma, ndipo atawerenga timabuku tachikhristu anayamba kunena kuti iye ndi mng'ono wake wa Yesu. Anaukira boma mu 1851 ku Guangxi, analanda Nanjing mu 1853, ndipo mzindawu unagwa mu 1864 m'manja mwa asilikali a Zeng Guofan, amene ankamenyera boma la Qing. Anthu amene anafa pa nkhondoyi akuti ndi 20 miliyoni kapena kuposa. A Taiping ankaletsa opium, pamene boma la Qing linali litakakamizidwa kuvomereza malonda ake mu 1858, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya opium imene inatha Angerezi atatentha nyumba zachifumu za Yuanmingyuan mu 1860.

Mtsutso unakula masana a tsiku lachiwiri. Ena ankati tisakankhire zonse kwa azungu, popeza chiwerengero cha anthu ku China chinali chitapyola 400 miliyoni, minda inachepa, ndipo katangale anali atamera mizu m'boma. Ine ndinavomera kuti mavutowa analipo kale, koma ndinakana kuti tiwagwiritse ntchito pochepetsa mlandu wa amene anabwera ndi mizinga kudzateteza malonda a mankhwala ozunguza bongo. Tinasiyana osagwirizana pamenepa. Za a Boxer, gulu la Atchaina limene linaukira azungu mu 1900, tinangodutsamo chifukwa nthawi inatha, kupatula kutchula chindapusa cha mataelo (muyezo wa kulemera kwa siliva) 450 miliyoni chimene China analamulidwa kulipira mu 1901.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse ola limodzi tiyese kukonza phunziro limodzi lolumikiza nkhani ziwirizi, loyambira pa mlimi ndi msonkho wake. Ndabwera ndi mapu osonyeza madoko asanu aja ndi njira imene a Taiping anadzera kuchoka ku Guangxi mpaka ku Nanjing, ndipo aliyense atha kujambulitsa. Malisiti a ulendo ndawapereka kale kwa a msungichuma.