Otopailoti ndi yabwino koma ambiri akuigwiritsa ntchito mozondoka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani imene anthu amaikamba mopepuka kwambiri, yoti ndege za masiku ano zimadziyendetsa zokha, pailoti amangokhala pampando nkumamwa tiyi. Ine ndikunena tindege tating'onoting'ono ta anthu folo kapena sikisi, ma Cessna, ma Piper ndi ma Cirrus aja, timene munthu amagula kapena kuchita hayala nkuulutsa yekha popanda pailoti mnzake pambali. Mmenemo kusankha kuti ndiyatse otopailoti, makina oyendetsa ndege okha, kapena ndigwire chiwongolero ndi manja si nkhani yamasewera ayi, anthu afa nayo.

Chimene chikundidandaulitsa ndi ichi. Kunja kukakhala kowala bwinobwino, nthawi yoti munthu azolowetse manja ake, nde pamene ambiri amadina batani atangonyamuka nkulekera makina mpaka pafupi kutera. Koma kukada, kapena akalowa mumtambo mosayembekezera, mantha amawagwira nkuzimitsa makinawo kuti ayendetse okha, pomwe apa mpamene mutu wa munthu umanama kwambiri. Zikuyenera kukhala mosemphanitsa.

Otopailoti si yachilendo. Lawrence Sperry anaionetsa ku Paris mu 1914, anakweza manja mmwamba ndege ikuuluka makaniko wake ataima paphiko. Ya mu ndege yaing'ono ndi timamota timene timakoka zingwe zoongolera, imasunga mapiko asapendekeke, imatsata njira imene waiuza ndi kukwera kumene waiuza, basi. Phiri siiliona. Ndipo zambiri sizigwira mafuta a injini, ndekuti ukaiuza kuti izikwera iwe osaonjezera mphamvu, iyo izingokweza mphuno liwiro likutsika mpaka mapiko atasiya kunyamula, kenaka nkudzizimitsa yokha kukubwezera ndege pa nthawi yoipitsitsa.

Taonani za John F. Kennedy Jr., mwana wa pulezidenti wakale wa America. Pa 16 July 1999 ananyamuka madzulo ku New Jersey pa Piper Saratoga yake kupita ku chilumba cha Martha's Vineyard, atatenga mkazi wake Carolyn ndi mlamu wake Lauren. Analibe layisensi youlukira ndi mageji okha, kutanthauza kuyendetsa poyang'ana zida zoyezera za mu ndege osaona kunja. Usiku pamwamba pa nyanja kunali kachifunga, malire a madzi ndi thambo osaoneka, ndege inayamba kupendekeka nkumazungulira ikutsika mpaka inagwera mmadzi, onse atatu anafa. A NTSB, bungwe lofufuza za ngozi ku America, anapeza kuti injini inalibe vuto, chinamusokoneza ndi thupi lake lomwe, sanadziwenso kuti kumwamba nkuti pansi nkuti. Chondiwawa ine nchakuti ndege imeneyo inali ndi otopailoti yoti ikanasunga mapiko bwinobwino, ndipo ofufuza sanapeze chizindikiro choti inali yoyatsa pamene imagwa.

Anthu amaganiza kuti munthu angamve ndi thupi kuti ndege yapendekeka. Sizoona. Mkati mwa khutu muli timadzi timene timatiuza kuti taima chilili kapena tikukhota, nde ukakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi timadzito timakhazikika nkumakuuza kuti uli tayale, ukaongola umamva ngati wakhotera mbali inayo. Zili ngati mwana amene wazungulirazungulira pabwalo, akaima amaona nyumba zikuyenda nkugwa. Ku University of Illinois anayesa izi mu 1954 ndi mapailoti 20 osaphunzira kuuluka ndi mageji, anawatchinga asaone kunja, ndipo pa avereji anatha masekondi 178 okha asanataye ndege. Maminitsi atatu sakukwana. Makina alibe khutu lonama chonchi, nchifukwa chake a kampani ya Garmin anaika batani la buluu lolembedwa LVL pa ma otopailoti awo, ukasokonezeka umangodina ndege nkuongoka yokha. Munthu amene ali ndi batani limeneli nkumachita manyazi kulidina poopa kuti azinena kuti sadziwa kuyendetsa, ameneyo akuseweretsa moyo wa anthu amene wanyamula.

Koma mbali inayo nayonso ndi yoopsa, ndipo olo mapailoti a ndege zikuluzikulu inawapeza. Air France 447 pa 1 June 2009 imachokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, timapaipi toyeza liwiro tinatsekeka ndi ayezi, otopailoti inadzizimitsa, woyendetsa anakoka mphuno mmwamba mpaka ndege inasiya kuuluka nkugwera mu Atlantic, anthu 228 anafa. Ndege inali yoti ikanauluka ndithu ndi manja. Mu 2013 a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, anachita kulembera makampani a ndege kuwalimbikitsa kuti mapailoti aziyendetsako ndi manja pakakhala mpata. Nde ngati anthu ouluka pafupifupi tsiku lililonse manja awo amaiwala, nanga bwanji dokotala kapena wabizinesi amene amauluka pa wikendi pokha, penanso mwezi kudutsa osakhudza ndege?

Lamulo la ku America limangoti kuti unyamule anthu ukhale utanyamuka ndi kutera katatu mmasiku 90 apitawo, komanso uunikidwe ndi mphunzitsi kamodzi pa miyezi 24. Zimenezi kwa ine nzochepa kwambiri. Munthu atha kukwanitsa lamuloli koma asanagwirepo ndege ndi manja kwa ola lathunthu chaka chonse, ndipo tsiku limene fyuzi idzapse kapena kamota ka trim, kothandiza kukweza kapena kutsitsa mphuno ya ndege, kadzayambe kuzungulira kokha kukankhira mphuno pansi, adzakhala akusakasaka batani lofiira lozimitsira otopailoti pomwe lili pansi pa chala chake chachikulu pachiwongolero pomwepo.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza, tindege tating'ono timapita ku Likoma, ku Nyika ndi ku Mfuwe, nyengo ya chiperoni mitambo imakhala pansi pamapiri, September ndi October utsi wa moto wolusa umaphimba dziko lonse moti pamwamba pa nyanja sungasiyanitse madzi ndi thambo. Ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 inali ya asilikali, si ya gulu ndikunenali, komabe tonse tinaona chimene nyengo yoipa pamapiri imachita.

Pempho langa kwa aphunzitsi a zouluka ndi loti aziphunzitsa zonse ziwiri mofanana. Wophunzira asapatsidwe ndege ya otopailoti asanaonetse kuti akudziwa chimene batani lililonse likuchita, njira zonse zoizimitsira, ndi mmene angaiuzire kuti ikhote kubwerera kumene wachokera akalowa mumtambo. Ndipo eni ndege, kukacha bwino zimitsani makinawo muyendetse nokha ulendo wonse, musunge kukwera ndi njira ndi dzanja lanu, kenaka mutenge mphunzitsi akuvekeni chotchinga kumaso chija muyeserere kuuluka ndi mageji okha kangapo pachaka, osadikira miyezi 24.

Wowerenga wanu,
Lilongwe